Diresi Lomwe Nester Sanamalize

Sizasi ya a Sophie inali italowa kale m'diresi lachiwiri pamene a Stanford anatulukira kuseri kwa nyumba, m'mutu muli mpala, lumo la wometa litawasiyira kabala pamwamba pa khutu. Anaima pafupi ndi nkhokwe. Pa mkeka umene unayalidwa pansi pa mtengo wa mango panali bokosi lachitsulo la malemu mkazi wawo Nester, lili chotsekula, amayi atalizungulira.

"Alamu, mukuchitanji?"

A Sophie, akulu ake a malemuyo, sanadzutse n'komwe mutu.

"Tikugawa zovala. Mwaiwala kuti tsiku lometa ndi lomwelo logawa?"

"Kugawa ndi sizasi?"

"Nanga izi munthu n'kuvala? Taonani nokha." Ananyamula diresilo m'mwamba kuti onse aone. Linali ndi kolala mbali imodzi yokha, ndipo mpendero wake unkatsika chopendekera. "Ndani pano angalowe nalo m'tchalitchi ili? Amake Timoti, mulitenga?"

"Ine ayi, amuna anga angandithamangitse," anayankha mayiyo, ndipo amayi onse anaseka chapansipansi, kuseka kwa pamaliro.

"Mwamva? Zitenje ndi mabulauzi tagawana kale. Izi nsalu yake yokha ndiye ya ntchito. Apa patuluka zigamba, apa chophimbira ndowa, apa matewera a mdzukulu wanu."

Sizasi inapitiriza kudya. A Stanford anakumbukira kuti ngakhale asilikali aja, pa phiri la mtanda, anaumva mtima kuwawa kuti ang'ambe chovala cha Ambuye, nasankha kuchita mayere. Mkamwini salalikira pabwalo la eni ake.

Nester anali ataikidwa m'manda masiku ochepa apitawo. Amayi a mumpingo anaimba bwino, ndipo mlaliki anamutcha mayi wa manja odala, amene anaveka ana asukulu ndi makwaya. Zinali zoona. Kwa zaka zambiri makina ake ankalira pakhonde la sitolo ina ku Namitambo, kusoka mayunifolomu ndi kupinda mathalauza, mpaka kaunjika atadzaza m'misika ntchito n'kuchepa, makinawo n'kubwerera kunyumba. Koma za madiresi a m'bokosi mlaliki sananenepo kanthu, ngati kuti linali tchimo limene dothi lakwirira.

Zinayambira ku Limbe. Ali mtsikana, Nester anagwira ntchito ya m'nyumba kwa dona wina wochokera ku Beira, amene ankajambula zithunzi ndi utoto. Zithunzi zakezo sizinkafanana ndi chimene maso amaona. Nkhope ya munthu inkakhala yogawika pakati, maso onse awiri ali mbali imodzi. Phiri linkakhala lofiira, ng'ombe yobiriwira, yamakona ngati bokosi. Poyamba Nester ankaopa kusesa m'chipindamo. Kenaka anayamba kuchedwamo, tsache lili m'manja. Tsiku lina analimba mtima n'kufunsa chifukwa chake donayo sajambula anthu monga alili, ndipo iye, m'Chinyanja chake chopindika, anati wofuna kuona munthu monga alili akagule galasi.

"Kuyambira tsiku limenelo, bambo a Lydia, nsalu inasiya kukhala thumba loikamo munthu," Nester ankawauza choncho amuna ake. "Mlengi amene anathira madontho pa nkhanga sanayambe wafunsa komiti. Angakwiye ndi mkono umodzi wautali?"

Lamulo loyeza kutalika kwa zovala za akazi litachotsedwa, m'masiku aja a zipani zambiri, Nester anamasuka manja. Nsalu za zipani zimene anthu ankataya chisankho chikatha iye ankatola, n'kuzidula, diso apa, mlomo apo, chala uko, n'kuzisoka pa siketi mosatsata malo ake. Ankalumikiza chiguduli ndi silika, nsalu ya ambulera ndi chitenje. Anthu anati wapenga. Ena anati diresi lokhala ndi maso ndi ufiti, ndipo akulu a mpingo anamuimika pa mgonero kwa kanthawi. Amayi angapo a ku Blantyre anabwerapo pa galimoto n'kugula, akuwomba m'manja, koma ambiri mwa madiresiwo anangolowa m'bokosi.

Diresi lotere silidulidwa patebulo, limafuna thupi. Chidole choyezerapo zovala, chonga cha m'masitolo a m'tauni, Nester analibe. Lydia, mwana wawo mmodzi yekhayo, ankaimikidwa pa mpando ali wamng'ono, mpaka tsiku limene anzake kusukulu anamutcha mwana wa wamisala, n'kubwera akulira, osaloleranso. Ndiye panatsala a Stanford, bambo wamtali, wowonda ngati nsungwi, amene mlungu wonse ankakama ng'ombe ku Mikolongwe. Loweruka masana Nester ankatseka chitseko, n'kupachika chitenje pazenera, n'kunena kuti, "Tandibwerekani mapewa." Iwo ankaima pakati pa chipinda, manja atatambasula, maso ali kudenga, akuimba nyimbo za kutchalitchi motsitsa mawu, mkazi wawo akuwazungulira, mapini ali pamilomo, akuyankha nyimboyo ndi mphuno. Pa moyo wawo wonse, a Stanford sanamvepo mtendere woposa wa masana amenewo.

"Alamu! Takhalani pansi kuno, dzuwa likupita."

Anali a Jeremiah, alongo ake a Nester, mwinimbumba wa pamudzipo. Anali atakhala pa mpando wandalema umene a Stanford anagula okha, ndipo amuna ena anali pa mabenchi obwereka kutchalitchi. A Silvesta, ang'ono awo a Stanford, amene anabwera kuchokera kwawo ngati nkhoswe, anawasunthira malo.

A Jeremiah anayamba ndi pemphero lalitali. Atati ameni anakonza kukhosi.

"Alamu, ife tathokoza. Munatisungira mlongo wathu, mwadwazika, mwaika. Mlandu nanu tilibe. Ena amadikira kuti chaka chithe, koma taona kuti kukusungani n'kukuzunzani. Mvula ili pafupi, ndipo Lydia ndi mwamuna wake akufuna kulowa m'nyumbamu asanabzale. Choncho takusudzulani lero. Ndinu mfulu. Mukapeza wina, kwatirani, ife sitidzayankhula."

Anakodola ndi mutu, ndipo anthu anayang'ana kukhonde. Katundu anali atamangidwa kale: njinga, khasu, bulangete, thumba la zovala, ndi buku la nyimbo litapanikizidwa pansi pa chingwe. A Stanford anayang'ana nyumbayo. Njerwa zake anaumba okha, n'kuziwotcha okha, Nester akuwatungira madzi ali ndi pakati. Izi ankazidziwa chikwatirire, kuti pamudzi pa mkazi mwamuna ndi mlendo, ndipo sanabwere kudzatsutsa mwambo. A Silvesta anawomba m'manja kulandira mawuwo.

"Ndamva, alamu," anatero a Stanford. "Nyumba ndi ya mwana. Makina atenge alamu anga a Sophie, ndaona kuti awasamutsa kale. Ine ndikupempha chinthu chimodzi chokha."

"Nenani."

"Diresi limodzi. Lili pansi penipeni pa bokosilo, lokulungidwa m'nsalu yoyera. Sanalimalize."

Kumkeka kuja amayi ankamvetsera. A Sophie anapisa dzanja m'bokosi, n'kutulutsa mtolowo, n'kuumasula. Analigwira m'mapewa n'kuimirira nalo.

Kumtunda kwake kunali kwakuda, nsalu ya maambulera akale. Pachifuwa panadutsa chiguduli chochapidwa mpaka kufewa, chodulidwa mano ngati mphezi. M'munsi munali timizere tambirimbiri ta buluu ndi totuwa, tina tatitali tina tatifupi, tolendewera. Mkono umodzi unali waukulu ngati phiko, winawo kunalibe. Ulusi unali utangodutsa malo ochepa. Kwina konse kunagwiridwa ndi mapini. Nester analiyamba m'nyengo yozizira, chifuwa chitamugwira kale, ndipo ankalitcha Mvula Ikutsika M'phiri. Analisiya tsiku limene manja anakana kukwera kufika pamapewa a amuna ake.

"Ili?" anafunsa a Sophie. "Chinyawu ichi?"

"Lomwelo."

A Jeremiah anapukusa mutu, akumwetulira.

"Alamu, ndinu munthu wamkulu, mwambo mukuudziwa. Mkamwini amachoka ndi zovala zake. Za mkazi zimatsala ku mbumba. Kapena mwamuona kale woti mukamuveke? Manda asanaume n'komwe?"

Amuna a pabenchi anaseka.

"Sindikaveka munthu. Ndikangolisunga."

"Kusunga n'kwa ife. Mlongo ndi wathu."

"Inu mukudula."

"Chathu tikhoza kudula," anatero a Sophie. Kenaka anapendeketsa mutu, n'kuwayang'ana a Stanford kuyambira kumapazi mpaka kumutu, n'kuyang'ananso diresilo. "Komatu achimwene, musawamane msanga. Mwina ndi lawodi."

"Ukuti chiyani, Sophie?"

"Taonani mapewa akewa. Nester anali wamfupi ngati ine. Lydia ndi uyo. Pamudzi pano ndani ali ndi msinkhu uwu?" Anatembenukira kwa amayi, mawu akukwera. "Ndakhala chete zaka zonsezi chifukwa cha m'bale wanga. Lero wapita, ndinena. Loweruka lina ndinabwera kudzabwereka sefa. Chitseko chotseka, dzuwa lili pamutu. Chitenje cha pazenera chinali chitagwa mbali imodzi. Ndinasuzumira. Amayi inu! Bambo awa, ndevu zili apa, ali m'diresi, manja atatambasula ngati choopsezera mbalame m'munda wa mapira. Akuimba nyimbo ya Mulungu!"

Wina anakuwa. Amake Timoti anagwa chagada pa mkeka, atagwira pamimba. Ngakhale a Jeremiah anavula magalasi.

"Zoona zimenezi, alamu?"

"Analibe poyezera," anayankha a Stanford.

"Mwamva? Sakukana!" A Sophie sankasekanso tsopano. "M'bale wanga anabwerako ku Limbe mutu utasokonekera ndi zithunzi za mzungu uja. Mwamuna weniweni akanamuletsa. Awa ankathirira. Ife tinkayenda chowerama ku Namitambo, anthu akutiloza kuti abale ake a telala wamisala ndi awo. Tsiku lomwe anamuimika pa mgonero, mayi athu analira mpaka kudwala. Inu munali kuti? Munali m'diresi!"

A Stanford anayang'ana diresilo m'manja mwa a Sophie. Akanati chiyani? Kuti mkaziyo akamadula nsalu nkhope yake inkawala ngati ya munthu amene wayankhidwa pemphero? Zimenezo sizinenedwa pabwalo.

A Jeremiah anavalanso magalasi awo, n'kuweramira kutsogolo ngati woweruza amene wapeza njira.

"Chabwino. Ife si anthu olanda. Tanena kuti mkamwini amachoka ndi zovala zake, ndipo munthu sitimuvula. Ngati ndi lanu, livaleni. Pompano. Mutuluke nalo m'mudzi muno lili m'thupi mpaka mutawoloka mlatho. Mukalivula musanafike pamenepo, ndiye kuti si lanu, libwerera kwa Sophie."

"Eya! Avale tione!"

A Silvesta anawagwira mkono akulu awo, n'kuwanong'oneza mokalipa.

"Achimwene, tiyeni tizipita. Ndi nsanza izi. Mukufuna nkhaniyi ikafike kwathu ife tisanafike? Ana anga akayenda bwanji?"

A Stanford anachotsa dzanjalo pang'onopang'ono. Maso awo anafunafuna Lydia. Anali atakhala kumapeto kwa mkeka, khanda lili kumsana, ndipo pamiyendo pake panali mulu wa zidutswa zimene azakhali ake anamupatsa za matewera. Pa chidutswa cha pamwamba panali diso limodzi losokedwa ndi ulusi wofiira.

"Lydia, mwana wanga. Iwe ukudziwa mmene amayi ako analivutikira ili. Tawauza amalume ako. Kwa iwe akhoza kumva."

Lydia sanadzutse maso. Anatembenuza chidutswa chija kuti diso liyang'ane pansi.

"Ababa, ingopitani. Anthu akutiyang'ana."

"Mwana wayankha," anatero a Sophie. Anayala diresilo pa mkeka, n'kutsegula sizasi, n'kuika mano ake pa phiko lija. "Ndiye tidule?"

A Stanford anavula jekete. Analipinda bwino n'kuliika pabenchi. Anamasula mabatani a malaya limodzilimodzi, chifukwa ankadziwa kuti khosi la diresilo ndi lothina. Nthiti zawo zinaonekera, ndi zipsera za nyanga ya ng'ombe. Anayenda kupita kumkeka, amayi n'kufutukuka, ndipo anawerama n'kulitola pansi pa sizasi. Analilowetsa m'mutu. Linatsika n'kukhala pamapewa pawo ngati kuti lafika kwawo.

Mphepo inadutsa, timizere ta buluu tija n'kugwedezeka tonse pamodzi pansi pa mtambo wakudawo, ndipo mayi wina wachikulire anati, "Ii," motsitsa. Koma wina kumbuyo analiza nthungululu, ndipo bwalo lonse linasweka.

"Mkwatibwi watuluka!"

"Alamu, mpango mulibe? Mupsa mpalawo!"

"Mayi Stanford, mutisiyireko adiresi, tidzabwera kudzafunsira!"

A Jeremiah ankapukuta misozi ndi chala. Anthu amene anali atalira sabata yonse anaseka ngati akutsuka m'kamwa. Lydia anadzuka n'kulowa m'nyumba, n'kutseka chitseko. A Silvesta anatola chipewa chawo n'kudzera njira ya kudimba, osatsanzika.

A Stanford anamangirira jekete ndi malaya pa njinga. Kukwera sakanatha, poopa kuti timizereto tingakodwe mu tcheni, choncho anaikankha. Anatembenukira kwa a Jeremiah n'kupinda bondo pang'ono, monga ayenera mkamwini.

"Tsalani bwino, alamu. Ambuye akusungeni."

"Muyende bwino, achemwali!"

Njira ya kumlatho imadutsa pakati pa mudzi. Imadutsa pa mjigo, pamene amayi anasiya kupopa n'kugwira pakamwa. Imadutsa pa golosale, pamene amuna osewera bawo anaimirira n'kuyamba kuimba mluzu, ndipo mmodzi, amene a Stanford anaimba naye kwaya zaka zambiri, anatembenukira kukhoma ngati sakuwadziwa. Gulu la ochokera kumaliro linkawatsatira chapatali kuti lione ngati avula. Wina anaponya chitsononkho, chinawamenya pamsana n'kugwa. Pafupi ndi msitu wa kumanda anafuna kuyamba nyimbo, koma anangoyendetsa milomo. Anapempha chinthu chimodzi, kuti miyendo isawagwetse, chifukwa akagwa nsalu ing'ambika.

Pa mlatho otsatira aja anaima. Anakuwa kangapo, kenaka anatopa n'kubwerera, poti kumaliro kunali kusanagawidwe chakudya.

A Stanford anawoloka, n'kukankhabe njinga mpaka m'mabulugamu a kutsidya. Anaitsamiritsa pa mtengo. Patsogolo pawo phiri la Chiradzulu linali litaima mbee, lopanda mtambo ndi umodzi womwe. Tsopano anali ndi diresi, ndipo analibe nyumba, analibe mwana woti awatchule bambo pagulu, ndipo kwawo kumene ankapita nkhani inali itawatsogolera.

Anayamba kulivula mosamala, akukweza pang'onopang'ono, akudikira kubayidwa. Mtunda wonsewo anayenda ndi mapini osawerengeka pathupi lopanda malaya. Litatuluka m'mutu anadzisisita pachifuwa, m'khwapa, m'khosi. Panalibe ngakhale pokalika.

Anakhala pa muzu n'kulitembenuza. Zaka zonsezi Nester ndiye ankawaveka ndi kuwavula, iwo maso ali kudenga, ndipo mkati mwa diresi anali asanaonemo. Pa nsonga ya pini iliyonse yoloza ku thupi panali kachidutswa ka mtima wa phesi la chimanga, kodulidwa kakang'ono ngati njere ya mapira, kobayidwa pamenepo kuti katseke kuthwa. M'khosi monse, m'mapewa, kutsika m'nthiti. Chakumunsi, kumene anafika atadwala kwambiri, tizidutswato tinali tokhotakhota, todulidwa ndi dzanja lonjenjemera, koma panalibe pini imene anaidumpha.

Kachidutswa kamodzi kanathothoka pamene ankatembenuza nsaluyo, n'kugwera m'masamba ouma. A Stanford anagwada. Anapatula masambawo ndi chala, limodzilimodzi, mpaka anakapeza. Anakauzira fumbi, n'kukabwezera pa nsonga yake, kenaka n'kuyamba kupinda diresilo, phiko lija mkati.